Ndinawabisira Mchere

Amuna anga, bambo a Mwape, ndi kalipentala kuno ku Chawama. Matenda awo anayamba mvula itangotha. Ankatopa msanga, ankaonda, khungu lawo linada mpaka m'zikhatho. Chimene chinandikwiyitsa chinali mchere. Munthu wamkulu ankanyambita mchere pachikhatho ngati mbuzi.

Ine ndine wouma mutu. Mayi anga anafa ndi BP, choncho ndinabisa mchere wonse, ndiwo n'kumaphika zosakolera. Ankandipempha, ine ndinkakana. Kukiliniki anawapatsa mankhwala a TB chifukwa cha kuonda ndi kutuluka thukuta, koma miyezi inayi inatha popanda kusintha. Za mcherezo sindinamuuze aliyense.

Lachiwiri lina m'mawa anasanza, n'kugwa pakhomo. Kuchipatala chachikulu anawaika diripi, nesi akuyeza BP mobwerezabwereza osandiyang'ana. Dokotala anandifunsa ngati panali chachilendo chimene ndinaona. Ndinatchula mchere.

"Ba mayo, BP yao ni yotsika, osati yokwera," anatero dokotalayo. "Thupi yenze kufuna mchere uja kuti bakhale na moyo."

Ndinkati ndikuwateteza, chonsecho ndinkawakankhira kumanda.

Sikani inaonetsa zotupa pa timinofu tiwiri tokhala pamwamba pa impso, timene timasunga mchere ndi mphamvu m'thupi. Chakumanzere chinali chachikulu, ndipo madokotala ankaopa khansa. Tinadikira sabata zitatu kuti apezeko mphamvu. Tsiku la opaleshoni ndinakhala pabenchi maola asanu, osadya, ndikudzidzimuka chitseko chikatseguka. Kenako tinadikiranso masiku khumi kuti chotupacho achiyeze.

Sinali khansa. Anapeza fangasi, tizilombo ta mtundu wa nkhungu timene timakhala m'zitosi za mileme ndi mbalame. Apa m'pamene bambo anakumbukira kuti chaka chathacho anaphwasula siling'i yakale ya nyumba ina ku Chilenje, momwe munkakhala mileme, fumbi lili koboo, osatseka pamphuno.

Amwa mankhwala opha fangasiyo kwa chaka, ndipo mapiritsi ena ndi a moyo wawo wonse. Pano abwerera kuntchito, ngakhale matabwa olemera sanyamula. Sanandidzudzulepo, ndipo zimenezo zimandipweteka kuposa kukalipiridwa.

Mukaona chachilendo pa munthu wanu, ngakhale chooneka chopusa, kachineneni kuchipatala msanga. Ine ndinachita udokotala wakukhitchini miyezi inayi, ndipo ndinatsala pang'ono kudzisandutsa ndekha mkazi wamasiye.