Dzanja la achimwene Fanuel

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene kubanki anandikananso ngongole. Ndinkafuna kuphunzira kuyendetsa ndege. Wondiimirira akanakhala achimwene anga a Fanuel, omwe amawotcherera zitseko ndi mageti kuseri kwa nyumba yathu ku Zengeza, kudziko la Ashona kumene makolo athu anakhazikika, koma dzina lawo linali litada kale chifukwa cha ngongole ya makina awo. Ine ndinakulira kwa agogo ku Dedza, ndipo sukulu ya kumudzi inandiphunzitsa kusayang'ana wamkulu m'maso. Mayi wa kubankiyo atandikana, ndinamuthokoza mogwada.

"Pita iwe," anatero achimwene madzulo ake. "Uzikagwira ntchito uku ukuphunzira. Zoyambira ndikupatsa, ndagulitsa sitandi, puloti ija ya ku Nyatsime."

Sindinafunse zambiri. Mng'ono safunsa mkulu wake kumene wapeza ndalama.

Ku Joni ndinkatsuka ndege pa kabwalo kena kunja kwa mzinda. Sukulu yake imalipiritsa pa ola. Ndikasonkhanitsa za ola limodzi ndinkauluka, kenaka n'kubwerera ku ndowa ndi sopo mpaka mwezi uthe. Masiku ena munthu yekhayo amene ndinalankhula naye anali wogulitsa buledi.

Ophunzira timavala malaya oyera a mizere paphewa. Ndinajambulitsa nditavala, n'kutumizira amayi kuti asangalale. Iwo anaika chithunzicho pa foni poti aliyense achione, ndipo Zengeza yonse inamva kuti mwana wa Mai Fanuel akuyendetsa ndege. Posakhalitsa achimwene anasiya kundilembera mauthenga, ankangotumiza mawu. "Tili bwino kuno. Phunzira." Ndinkayesa atanganidwa.

Kwathu munthu amene ali paulendo sauzidwa mavuto a pakhomo, kupatula maliro basi. Amene anandiuza ndi Mai Tino, omwe amachita lendi chipinda chakumbuyo. Iwo ndi Mshona, mwambowu suwamanga. Anandiimbira ndili pansi pa phiko la ndege. "Dzoka, Lemani," anatero m'chinenero chawo. "Vachamuuraya." Bwerera, amupha.

Nditafika kunyumba ndinapeza dzanja lamanja la achimwene litakulungidwa ndi nsalu yonunkha. Sitandi ija palibe anaigula, inalibe mapepala. Ndalama anakatenga kwa bambo wina wotchedwa Bhuru, wa chimbadzo, chomwe kumudzi timati katapila. Bhuru ankadikira mwezi ndi mwezi mpaka anaona chithunzi chija, n'kuyesa kuti ndalama zilipo koma tikungomubisira. Ndiye anabwera ndi anyamata ake, n'kupanitsa dzanja la achimwene m'chopanira zitsulo chawo chomwe, n'kumazunguza chitsulocho mpaka zala zinaphulika. Anyamatawo anagwira amayi tsitsi kuti aonerere.

Mawa lake masana Bhuru anabweranso, atamva kuti ndafika.

"Pailoti wauya!" anafuula Bhuru pageti. "Ndege waisiya kuti, mfana? Pa renki ya makombi, pokwerera maminibasi?"

"Pepani, bwana," ndinatero, chipewa chili m'manja. "Sindinamalize. Ndimangotsuka."

Anaseka. Mnyamata wake anandimenya ndi paipi m'nthiti, ndipo nditagwa anandiponda pakamwa. Ndinamva dzino likusweka. Amayi anathamanga kudzandiphimba, koma anyamatawo anawakankhira pa chitseko chachitsulo mpaka chipumi chinang'ambika. Ndinapitiriza kunena kuti pepani, magazi akutuluka limodzi ndi mawuwo. Achimwene anatola nyundo ndi dzanja lamanzere, koma inawapulumuka, ndipo Bhuru anawachita khofi ngati mwana. Anansi ankangoonerera pampanda. Anyamatawo ananyamula firiji ndi mageti a makasitomala, n'kunena kuti abweranso mwezi ukatha.

Lero ndikulemba izi ndili ku Zengeza komweko. Madokotala anadula zala ziwiri. Ine ndi amene ndikuwotcherera tsopano, achimwene amakhala pa ndowa pambali n'kumandikalipira kuti ndikuwotcherera mokhota. Geti lililonse likatha, ndalama yake imapita kwa Bhuru. Ndili kutali ndinkayesa kuti ndine ndikuvutikira a pakhomo pano, chikhalirecho maola onse amene ndinali m'mwamba ankalipiridwa pabwalo lino, ndipo onse anagwirizana kuti ndisadziwe.

Dzulo ndinawauza kuti sindibwereranso ku Joni. Amayi anangolowa m'nyumba. Achimwene anavula nsalu ija, n'kundiika dzanjalo pamphuno.

"Yang'ana bwino," anatero. "Ukatsala kuno, ndiye kuti dzanja ili ndalitayira geti la munthu chabe. Ukumva iwe?"

"Nanga Bhuru akabweranso ine kulibe?"

"Atabwera iwe ulipo, unatani?"

 Ndinatsitsa chigoba chowotcherera kumaso, n'kuyatsa makina, kuti asaone kuti ndikulira.