Kachipinda ka Tiyi Atakatseka

Amake Mapasa sanalembedwe ntchito pakampani ya alamu awo, anangolowerera pang'onopang'ono. Amuna awo anali kalipentala pamenepo, ndipo mwini kampaniyo anali mkulu wawo wa amunawo, amene aliyense ankangowatchula kuti Bwana. Kampaniyo inkakonza nyumba ndi masitolo: kugumula makoma, kulowetsa madzi ndi magetsi, kuika matailosi, kupenta. Mapasa atayamba sukulu, mayiwo anayamba kupititsira amuna awo tiyi m'mawa. Amisiri ena anaona, nayamba kubwera ndi makapu awo. Pamene mapasawo ankamaliza sekondale, kachipinda ka kuseri kwa shedi ya matabwa kanali katasanduka kawo, kali ndi ketulo yaikulu, benchi imodzi ndi zitini za penti zokhalira.

Panalibe mmisiri wonyamuka kupita kuntchito osadzera m'menemo. Tsono mmisiri sauza bwana wake kuti zinthu zavuta. Bwana akafunsa, yankho limakhala limodzi: "Zili bwino, timaliza." Koma akagwira kapu yotentha, pakamwa pamamasuka.

"Mapaipi aja sanafike, mayi. Wa kusitolo akungondizungulitsa ngati mwana," wamapaipi ankadandaula choncho.

Amake Mapasa ankangothira tiyi. Woika matailosi akalowa, ankamuuza kuti, "Inu achimwene, kubafa kuja musapiteko lero, mukagwire kukhitchini. Mnzanu sanakwirire mapaipi." Akatero ankaimbira wa kusitolo uja pafoni yawo, ndi mayunitsi awo, kenako n'kuimbira mwini nyumba kumupepesa asanayambe kukwiya. Shuga akatha ankagula okha. Sanaganizepo kuti imeneyi ndi ntchito. Kwa iwo kunali kuthandiza pabanja, monga kusesa pamaliro.

Kampani itakula, Bwana anapita kumsonkhano wa eni mabizinesi, nabwerako ndi nzeru yatsopano, yakuti ntchito zikachuluka pamafunika munthu mmodzi woziyendetsa. Analemba mayi wina wophunzira, wofatsa, amene amisiri anamupatsa dzina lakuti a Pulojekiti asanakhale n'komwe pansi.

M'mawa umene anawasonyeza kwa amisiri, onse anaima pabwalo pakati pa milu ya mchenga. A Pulojekiti anafotokoza ntchito yawo: kudziwa chiyambe ndi chiti, chitsatire ndi chiti, kuona vuto lisanakule, kulankhula ndi ogulitsa zipangizo, kuziziritsa mtima wa kasitomala. Amake Mapasa anali ataima kumbuyo ndi thireyi ya makapu. Anamvetsera mwatcheru, chifukwa mlendoyu ankafotokoza m'mawa wawo wa tsiku lililonse ngati kuti ankawasuzumira pawindo. Kani zimenezi zili ndi dzina? Kani anthu amapita kusukulu kukaziphunzira?

Kenako a Pulojekiti anafunsa, "Nanga mpaka pano amayendetsa zimenezi ndani?"

Bwana anaseka. "Palibe, mayi. Zimangoyenda zokha, mwa chisomo."

Amake Mapasa anayang'ana amuna awo. Amunawo anali kugwedeza mutu, kuvomereza.

"Ofesi yanu ikhala kachipinda ka kuseriko," Bwana anapitiriza. "Miseche ya m'mawa ija yatha, anthu azingofika n'kunyamuka. Alamu, mwatithandiza kwambiri, tsopano kapumeni kunyumba."

Amake Mapasa anati, "Zikomo alamu." Masana omwewo anatuluka pageti atakulunga ketulo m'nsalu. Palibe anawaperekeza, aliyense anali wotanganidwa kunyamula desiki.

A Pulojekiti ankaidziwa ntchito yawo. Anakonza dongosolo labwino, naliika pakhoma, ndipo m'mawa uliwonse ankafunsa mmisiri aliyense mmene zikuyendera. Aliyense ankavula chipewa n'kuyankha kuti, "Zili bwino, bwana, timaliza."

Ntchito yaikulu nthawi imeneyo inali yokonza sitolo ya mankhwala. Woika matailosi anayala pansi ponse, mizere yowongoka, pansi powala ngati galasi. Atamaliza m'pamene zinadziwika kuti paipi yotulutsa madzi inali isanaikidwe, chifukwa zipangizo zinali zisanafike, ndipo wamapaipi anali asanauze aliyense. Amisiri anatenga nyundo n'kuswa matailosi atsopanowo mwini sitolo akuonerera, manja ali m'mutu.

Amuna awo atawafotokozera zimenezi akudya, Amake Mapasa anafunsa, "Nanga wamapaipiyo sananene bwanji?"

"Akananena kwa ndani?" anayankha amunawo, ndipo anasiya kutafuna.

Lamlungu masana galimoto ya Bwana inaima pakhomo, muli iwo ndi a Pulojekiti. Amake Mapasa anawalandira pabalaza, nakhala kumapeto kwa sofa pafupi ndi amuna awo.

"Mayi, ndafunsa amisiri mmodzimmodzi," anayamba a Pulojekiti. "Aliyense akuti, tinkauza amake Mapasa. Ine dongosolo ndingathe kukonza, koma anthu akamandibisira mavuto ndikhala ngati woyendetsa galimoto atatsinzina. Kwa ine amaona bwana, kwa inu amalankhula. Ndapempha kuti mubwerere, mukhale wondithandiza, wolembedwa ntchito ndiponso wolandira malipiro."

Amake Mapasa anagwira dzanja la sofa. Sanayembekezere kuti angamve mawu otere m'moyo wawo, ndipo anachita manyazi ndi mmene anawafunira.

Bwana anatsokomola. "Ndavomera, ngakhale kulipira munthu chifukwa chocheza sindinakuonepo chibadwire. Koma poti ndife banja limodzi, sitichita kuchulutsa mapepala. Kangachepeko tizingowonjezera pamalipiro a mng'ono wangayu. Mphika ndi umodzi, si choncho alamu?"

A Pulojekiti anatembenuka kuwayang'ana Bwana, kukamwa kuli yasa. Zinaoneka kuti m'galimoto sanagwirizane zimenezi. Kalipentala uja anali kuyang'ana zala za kumapazi ake.

Amake Mapasa anagunda amuna awo pabondo. "Bambo a mapasa, mwamva? Akulu anu akuwonjezerani ntchito. Mawa mulawirire, amisiri akakupezeni madzi atawira."

"Alamu, musachite nthabwala," anatero Bwana.

"Sindikuseka, alamu. Amene dzina lake lalembedwa ndiye adzuke."

"Koma ndalama zake zidzalowa m'nyumba yomwe ino!"

"Ngakhale a Pulojekitiwa ali ndi kwawo. Zawo mumapatsa amuna awo?"

Bwana anayang'ana mng'ono wawo kuti awathandize, koma mng'onoyo sanadzutse mutu, ndipo sanathandize aliyense.

Amake Mapasa anaperekeza alendo mpaka pagalimoto. Bwana anatsitsa galasi.

"Ndiye mawa tikuonani?"

"Mukalemba dzina langa, alamu, munditumizire uthenga. Ndili pompano."

Bwana anakweza galasi, galimoto n'kunyamuka. M'mawa mwake kalipentala ananyamuka yekha.