Dikishonale Yanga ya Chilatini

Kuseminale, pa phunziro la Chilatini, woyamba ndinali ine, mnzanga wina wachiwiri. Bambo anga atamwalira ndinasiya sukulu tili Fomu 3, ndipo dikishonale imene ansembe anandipatsa ngati mphoto ndinamubwereka iyeyo. "Ndidzaitenga ndikabwerera," ndinatero. Sindinabwerere.

Ndinathera m'sitolo ya Mmwenye ku Area 2, kuyeza misomali pasikelo ndi kudula waya. Iye anapita ku yunivesite, kenako kunja, kukafufuza mmene Chigiriki ndi Chilatini zinkasinthira kalekalelo. Digiri pamwamba pa digiri, mpaka upulofesa. Tsiku lina ndinaona nkhope yake m'nyuzipepala imene ndinkakulungira misomali ya kasitomala. Ndinakulunga mwamphamvu mpaka nkhopeyo inabooka. Nsanje, inde, ndikana bwanji? Munthu akudya bwino ndi zilankhulo za anthu akufa, ine ndikumeza fumbi la simenti!

Atapuma pantchito anakhazikika ku Area 11, n'kutumiza uthenga woti ndikapezeke paphwando. Ndinasita jekete. Mu minibasi ndinkangofuna chinthu chimodzi: avomere pamaso pa anthu kuti ndinkamuposa. Akapanda kutero ndinena ndekha, ndiitanitsenso buku langa.

Pageti mlonda anandifunsa ngati ndabwera kudzakonza mpope. Koma mwini nyumba atandiona anasiya alendo ake a masuti, n'kundipatsa moni ndi manja awiri.

"Anthu inu, awa ndi achimwene amene ankandikwapula pa Chilatini chaka ndi chaka. Ine ndinkangotola zotsala."

Ha! Ndewu yonse imene ndinakonzekera mu minibasi inasowa pogwira. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi dikishonale ija, chikuto chomata ndi tepi, dzina langa likadalipo. Anatsegula tsamba loyamba, pamene ndinalembapo chiganizo cha Chilatini ndili mnyamata.

"Tatiwerengereni, achimwene, mutimasulirenso. Mawu anuwa ndayenda nawo dziko lonse."

Ndinayang'ana. Dzanja linali langa ndithu, malembo opendekera omwe ndimalemba nawo malisiti mpaka lero. Koma liwu ngakhale limodzi sindinalimve.

"Magalasi ndaiwala," ndinatero, magalasiwo ali m'thumba la jekete.

Iye anachinena pamtima, osayang'ana n'komwe m'buku, n'kumasulira, anthu n'kundiombera m'manja ine. Pochoka anandikumbutsa kuti nditenge buku langa. Ndinamuuza kuti asunge, kwathu kuli chiswe.