Rula ya Sitima ya Bwana Hendrick

Abambo Jerome anali asanaionepo nyanja yamchere. Anachoka ku Ntcheu ndevu zisanamere, nakhala zaka khumi ndi zinayi pansi pa mgodi akukoka tepi yoyezera ya saveya, katswiri woyeza mgodiwo. Chifuwa chitayamba kuwavuta anapeza ntchito yosamala maluwa ku Rosebank, kwa bwana Hendrick. Kachipinda ka kuseri kwa galaja ndiko kanali mudzi wawo wonse ku Joni.

Mu 1989 bwanayo, atakalamba komanso mkazi wake atamwalira, anagula kompyuta. Munali masewera oyendetsa sitima yankhondo ya pansi pa madzi. Abambo Jerome zinkawazunguza mutu: sitimayo osaoneka, madzi osaoneka, manambala obiriwira okhaokha. Bwana ankayala mapu patebulo, kuyeza mtunda ndi rula yapulasitiki imene inabwera m'bokosi la masewerawo, n'kulemba manambalawo pa kompyuta. Tsiku ndi tsiku sitima inkaomba thanthwe isanafike padoko.

"Tamiranso, Jerome!" ankakuwa pawindo.

"Pepani bwana. Anthu apulumuka?"

"Mulibe anthu!"

Iwo ankabwerera ku maluwa awo, osamvetsa chimene munthu angalirire sitima yopanda anthu.

Loweruka lina kunabwera Ada, mwana wa bwanayo. Anaona mulu wa mapepala ofufutafufuta, nkhope n'kugwa. Tryphina, mayi wophika, anamva zonse zimene Ada ankanena ali kukhitchini ndipo anathamangira kumaluwa.

"Madala, yambani kufunsa malo ena ogona uko ku Bertrams. Akuti bambo ake anali injiniya, ndiye ngati masamu a masewera akuwakanika, mutu watha. Lolemba akuwatengera kunyumba ya okalamba. Ino agulitsa."

"Chifukwa cha sitima ija? Yopanda anthu ija?"

"Hawu, inu ndi ine si anthu?"

Lamulungu atabwerako kutchalitchi, abambo Jerome anaima pakhomo la chipinda cha kompyuta, chipewa chili m'manja.

"Bwana, ine za nyanja sindizidziwa. Koma kumgodinso kulibe dzuwa lokuuza kolowera. Saveya wathu sankaikhulupirira tepi asanaiyese. Pakhoma la ofesi panali zikhomo ziwiri zachitsulo, ndipo m'mawa uliwonse tinkakoka tepi pakati pake tisanatsike. Rula yanuyi munaiyesa pati?"

"Rula ndi rula, Jerome."

"Tepi nayo inali tepi, bwana, koma inkatamuka."

Bwana anang'ung'udza, komabe analoza kamzere ka pansi pa mapu kosonyeza mamailosi khumi. Abambo Jerome anagoneka rula pamenepo, naitsina ndi chikhadabo monga ankachitira kale. Kamzereko kanathera pa naini.

Onse awiri anangoti kukamwa yasa. Anayesanso. Naini.

"Ndiye wabodza ndani, rula kapena pepala?" anafunsa abambo Jerome.

Bwana anadzimenya pamphumi. Mapu enieni anawasunga m'bokosi kuti asade ndi pensulo, ndipo apatebulowa anali a fotokope. Atatulutsa enieniwo, rula inagwera ndendende pa teni.

"Makina aja anachepetsa pepala!"

"Anachepetsa nyanja?"

"Eya, nyanja yonse!"

Apa ndiye abambo Jerome anasokonekeratu, koma anagwedeza mutu mwaulemu.

Lolemba Ada anafika ndi sutikesi yopanda kanthu. Bambo ake anamukhazika pampando, nayeza pa mapu enieni, abambo Jerome atagwira rula. Manambala obiriwira anayenda, anayenda, mpaka kompyuta inalira kanyimbo. Sitima inali padoko. Ada anatenga mapu awiri aja, enieni ndi a fotokope, nawayang'anitsa pawindo ataphatikiza. Misozi inalengeza.

"Chabwino. Tidikire kaye," anatero, nabweza sutikesi m'galimoto.

Tryphina anaimba nthungululu yapansipansi kukhitchini. Abambo Jerome anatseka geti, mtima uli m'malo kuti kachipinda kawo katsala. Pobwerera anapeza bwana ataima pakhonde, akumwetulira.

"Jerome, dona akabwera kushopu umuuze kuti tafika padoko."

Dona, mkazi wa bwana uja, anali atagona kumanda zaka zitatu. Abambo Jerome anayang'ana kumsewu, kumene galimoto ya Ada inali isanakhote n'komwe. Anakweza dzanja pang'ono, nalibwezanso. Kaya bwana amaseka, kaya amanenetsa, iwo analibe zikhomo zoyesera zimenezo.

"Ndiwauza, bwana," anatero, natola paipi yothirira maluwa.