Uthenga wa pa Switch Yakale

Anzanga, ine ndi wokondedwa wanga wakale tinakumana chifukwa cha phuma langa.

Ndinali nditangomaliza digiri, sabata yachiwiri pa ntchito ya IT. Ndinapeza kuti anthu amalowa mu ma router a kumabranchi, makina olumikiza maofesi athu, kudzera pa khomo lakale lotchedwa Telnet, password ikuyenda poyera ngati chikwangwani. Ndinati ayi, izi zisinthe lero lomwe! Ndili pa desiki panga, ndinatseka Telnet pa router ya branchi yakutali... ndisanatsegule SSH, khomo lina lotetezeka.

Ndinadzitsekera kunja ndekha.

Anandipulumutsa ndi technician wina amene onse ankamutcha Achingwe, poti console cable ya buluu, chingwe cholumikizira kompyuta ku router, sinkachoka m'thumba mwake. Tinayenda ulendo wa maola awiri kukalumikiza pamanja.

"Ndiye ndinu mwakhoma nyumba makiyi ali m'kati?"

"Ndimakhwimitsa security."

"Eee, yakhwimadi. Ngakhale eni ake sakulowa!"

Kuyambira tsikulo dzina langa linakhala Nachangu.

M'chipinda cha ma server munali switch yakale yosalabadiridwa, kabokosi kolumikiza makompyuta. Ukalowamo ndi SSH, imayamba yakuonetsa banner, mawu olonjera. M'mawa wina ndikulowa ndinangoona Achingwe alembapo: "Nachangu, mwadya? Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Ndinasintha pomwepo: "Nkhonoyo ilibe deadline."

Anzathu amafunsirana pa foni, ife pa switch! Miyezi isanu ndi itatu... lunch pa masitepe a kuseri, jekete lake pamapewa panga poti m'chipindamo mumazizira koopsa. Ndinkafika seveni isanakwane kuti ndikawerenge banner.

Tsiku lina akaunti yake inatsekeka.

"Babe, ndibwerekeko key yako, five minutes basi."

Ine amene ndinalemba ndekha lamulo loti private key, kiyi wachinsinsi wolowera mu makina, sabwereketsa, ndinamutumizira.

Analakwitsa line imodzi polemba malamulo a makina. Mabranchi atatu anazima masana onse. Pa ma log, kaundula wa amene analowa, panali dzina langa. Ndipo inali sabata yomwe abwana amafuna kundipatsa project yosamutsira netiweki yonse ku SSH, imene ndinaililira kuyambira tsiku loyamba.

Pamsonkhano abwana anafunsa, "Alipo wina anagwiritsa ntchito key yanu?"

Ndinayang'ana Achingwe. Anali kukulunga chingwe chija, maso pansi.

"Ayi, bwana."

"Ndiye ndi phuma lanu lija."

Project anapatsa Achingwe. Analandira ndi manja awiri.

Pa masitepe paja ndinamufunsa, "Bwanji sunanene?"

"Akanatichotsa tonse. Iwe uli ndi digiri, ukanapeza kwina. Nanga ine?"

Jekete ndinamubwezera pomwepo.

Papita zaka ziwiri, anasamukira kampani ina. Lero abwana andiuza ndizimitse switch ija, yakalamba. Ndalowamo komaliza, ndipo yandilonjera: "Nachangu, wadya?"

Anzanga, key yanu musabwereketse, ngakhale kwa amene amakufundikani jekete. Yanga ndinaisintha tsiku lomwelo, mphindi ziwiri zokha.

Koma switch ija ikanali yoyaka. Ine Nachangu, ndawauza abwana kuti ndizimitsa mawa.