Tsiku Limene Tinaimbira Njovu

Ndinaphunzira kuliza lipenga ndili mtsikana, mu bandi ya kutchalitchi kwathu ku Dambwa, mu Livingstone. Kumeneko chilichonse chinali cholembedwa. Aphunzitsi ankatigawira mapepala a nyimbo n'kumagogoda tebulo ndi kamtengo, ndipo ukaphonya pang'ono ankakuyang'anitsitsa ngati waba. Ndinaliza choncho zaka zambiri, pamaukwati ndi pamaliro pomwe, osatulutsapo liwu limene silinali papepala. Nditakwatiwa n'kuyamba kusoka mumsika wa Maramba, lipenga lija linalowa kunsi kwa bedi.

Kashopu kanga kanali kumapeto kwa msika, moyang'anana ndi shedi ya okhoma mbaula ndi zidebe. Mmodzi wa iwo, bambo wamfupi woseka ndi thupi lonse, ankakhoma mosiyana ndi anzake. Akamapinda mkombero wa ndowa, ndinkangozindikira kuti phazi langa pamakina likutsata nyundo yake. Tsiku lina, pomupatsa buluku lomwe ndinamuikira chigamba, ndinamuuza zimenezi. Anati iyenso amawamva makina anga, ndipo nthawi zina amasintha kakhomedwe dala kuti aone ngati ndisokonezeke. Atamva kuti ndili ndi lipenga kunyumba, anandiuza kuti Lamlungu masana, msika ukachepa anthu, amakumana ndi anzake awiri m'shedimo, ndipo ndikafuna ndibwere nalo.

Ndinapita. Mmisiri uja anali atapachika zitsulo pawaya: zivundikiro za mapoto, makasu othyoka, sipuling'i ya galimoto, ndi chidutswa cha njanji cholemera ngati mwana wa ng'ombe. Pambali panakhala mkulu wina wa imvi, amene anagwira ntchito kunjanji moyo wake wonse ndipo ankachokera ku Highlands pa njinga, atamangirira kumbuyo lipenga lalitali lija lokoka ndi kukankha. Tonse tinkamutchula kuti ba mudala. Wachitatu anali mayi wa msinkhu wanga amene ankakonza mawailesi ndi mafoni pafupi ndi pokwerera maminibasi. Iye anabwera ndi kabokosi ka mawaya komwe anakalumikiza yekha kuchokera ku mawailesi akufa, batire ya galimoto, ndi sipika. Akapotokola timabatani, kabokosiko kankalira ngati udzudzu, kenako ngati mphepo, kenako ngati chinthu chomwe sindinamvepo. Mufoni mwake ankasungamo mawu a oitanira minibasi ndi mkokomo wa mathithi, n'kumazitambasula mpaka osazizindikiranso.

Ndinafunsa kuti tiyamba ndi nyimbo iti.

"Kulibe nyimbo, ba sisi," anatero ba mudala. "Ni kumvetsera chabe. Mukamva pali mpata, lowani."

Anayamba popanda wowapatsa chizindikiro. Chitsulo cha njanji chinalira kamodzi, kabokosi kanayankha monyinyirika, ba mudala anakoka liwu lalitali lotsika pang'onopang'ono. Ine ndinaimirira lipenga lili pakamwa pafupifupi theka la ola, mpata osaumva. Pomwe ndinalimba mtima n'kuuzira, chinatuluka ndi nyimbo yamaliro ya kutchalitchi, yonse yathunthu. Ndinachita manyazi kwambiri, koma palibe amene anaseka. Mmisiri anaitola nyimboyo n'kuiduladula pazivundikiro, mayi wa mawailesi anagwira chidutswa chake chimodzi n'kumachibwereza, mpaka inasanduka china.

Ndinabwereranso Lamlungu lotsatira, ndi linanso. Amuna anga ankati ndikabwerako ndimaphika ndikung'ung'uza zinthu zopanda mutu, koma poti ndinkabwera wosangalala, sanandiletse. Chokhacho, ndinkabisalabe m'nyimbo zomwe ndinkazidziwa. Zala zanga zinkathawira kumeneko zokha, ngati mbuzi yodziwa khola lake.

Chilimwe chitafika pachimake, njovu zinayamba kutuluka m'tchire n'kumalowa m'madimba a m'mbali mwa mtsinje wa Maramba. Kwathu kuno si zachilendo. Dzuwa likapendeka zimabwera kudzamwa madzi, ndipo zikaona zobiriwira sizifunsa mwini wake. Lamlungu lina tikuliza, panafika mayi wina wogulitsa repu mumsika, amene ankakonza malo ake a mawa. Anaima pakhomo manja ali m'chiuno mpaka tinamaliza. Kenako ananena mosabisa kuti chibadwire sanamvepo phokoso loipa chonchi, ndiye n'chifukwa chake akutipempha kuti tikalize kudimba kwake, chifukwa iye ndi anzake atopa ndi kumenya zitini ndipo njovu zazizolowera.

Ba mudala poyamba anakwinya nkhope. Anayamba kufotokoza kuti zimene timachita ndi luso, koma ali mkati molankhula anaphulika kuseka mpaka misozi. Anati zaka zonsezi palibe amene anatiitanako kulikonse, ndiye sitingakane munthu woyamba.

Tinapita Lachitatu cha m'ma folo koloko, nditatseka shopu msanga. Zitsulo tinazikankha pa wilibala, batire anainyamula pamutu mwini dimba. Kumeneko tinapeza amayi ena asanu a madimba oyandikana, aliyense ndi chitini kapena khasu. Mmisiri anamanga waya wake pakati pa mitengo iwiri, ndipo tinagwirizana kuti njovu zikawoloka mtsinje tisiya zonse n'kuthawira kumsewu. Lipenga likatayika n'kugula lina, anatero ba mudala.

Tinayamba monga mwa nthawi zonse, koma amayi aja sanadikire kuitanidwa. Analowa onse pamodzi, uyu ndi chitini, uyu ndi mwala pakhasu, wina akululutira. Phokoso linakula mpaka nyimbo za m'mutu mwanga sindinazimvenso. Ndinayesa kufunafuna imodzi yoti ndigwire, osaipeza. Chomwe ndinkamva bwino chinali khasu la mayi wina wochepa thupi amene anaima pafupi nane. Ankamenya katatu n'kupuma, katatu n'kupuma. Popuma pakepo ndinaikapo liwu limodzi lalifupi. Anandiyang'ana, namenyanso, ine n'kuyankha ndi awiri. Anafulumiza, inenso ndinafulumiza. Kenako anandinyenga, anakweza mwala osamenya, ine n'kugwera ndekha mumpatamo ndi liwu losweka ngati tambala wachinyamata. Tonse awiri tinaseka, koma sindinachotse lipenga pakamwa, ndipo kuseka komweko kunatulukira m'lipengamo. Ba mudala anakumva, nayamba kuseka ndi lawo. Sindikudziwa kuti tinapitiriza nthawi yaitali bwanji. Milomo inatupa, thukuta linanyowetsa bulauzi, koma sindinafune kuleka.

Woyamba kusiya anali mwini dimba. Analoza ndi chibwano tsidya la mtsinje, ndipo mmodzimmodzi tinakhala chete. Pakati pa mitengo panali njovu zitatu, ziwiri zazikulu ndi ina yocheperapo. Ndinakulira mu Livingstone ndipo njovu ndaziona kambirimbiri, koma ndili m'minibasi. Kuziona uli chiimire m'munda wa repu n'kwina.

Kabokosi kokha ndi kamene kanatsala kakulira, kulira kwapansipansi komveka m'mimba, chifukwa mwini wake anauma dzanja lili pabatani. Njovu ya patsogolo inatambasula makutu n'kukweza chitamba. Inaima choncho kanthawi, ikutiyang'ana. Mmisiri, osafunsa munthu, anamenya chitsulo cha njanji kamodzi kokha. Kulira kwake kunawoloka madzi n'kukathera kutali. Njovu ija inapukusa mutu, inatembenuka mosafulumira, ndipo zonse zitatu zinalowera kumtunda kwa mtsinje zikuthyola nthambi m'njira.

Amayi aja anavina pakati pa mizere ya repu. Mwini dimba anatithyolera ndiwo zodzaza wilibala, nati sakubweza mawu ake, phokoso lathu ndi loipa ndithu koma ndi lothandiza. Mayi wa mawailesi anandinong'oneza pobwerera kuti lero sanamve nyimbo ya kutchalitchi ngakhale imodzi, ndipo m'pamene ndinazindikira kuti akunena zoona.

Ngati njovuzo zinabwerera chifukwa cha ife, kapena zinali ndi ulendo wawo kale, palibe akudziwa. Patapita masiku atatu zinabwera kulibe munthu n'kudya theka la kabichi wa mayi wochepa thupi uja. Anadandaula sabata yathunthu, koma Lamlungu lotsatira anatulukira kushedi atanyamula khasu lake lomwe lija ndi mwala wake m'thumba, nafunsa ngati pali malo. Mpaka lero sajomba, ndipo ndi iye amene amatikalipira tikachedwa.

Tsopano tilipo asanu. Anthu odutsa amaima pakhomo, ena amapukusa mutu n'kumapita, ena amakhala pansi. Kukabwera mlendo, ba mudala sachedwa kuyamba nkhani ya kudimba. Chaka choyamba ankati njovu zinali zisanu. Mwezi watha ndinawamva akuuza mlamu wawo kuti zinali khumi ndi ziwiri, ndipo yaikuluyo inayankha lipenga lawo kawiri isanachoke. Mlamuyo anatembenukira kwa ine kuti nditsimikize. Ndinamuuza kuti ine ndinali ndi mantha kwambiri moti sindinawerenge.