Kuyang'ana Ababa M'maso

Mng'ono wanga ankadziwa Chingerezi cha m'buku kuposa ana onse amene ndinawaphunzitsapo ku Malindi. Komabe ataitanidwa kuti akayankhe mafunso ku sukulu ya unamwino, ine mtima sunakhale m'malo. Ababa anali atanena kale kuti akalephera, amukwatitsa mvula isanagwe. Mwamuna analipo, wogulitsa zitenje ku Chiponde, ndipo ababa anali atayamba kale kumutchula kuti mkamwini.

Masana oti mawa lake anyamuka, tinakhala pakhonde kubwereza mawu. Ndinamufunsa kusiyana kwa "see", "look" ndi "stare". Anayankha mosadodoma: loyamba ndi kuona chabe, maso akangogwera pa chinthu, lachiwiri ndi kuyang'ana mwadala, lachitatu ndi kutong'olera munthu maso mpaka achite manyazi. Zonsezi ankanena maso ali pa zala zake zakumapazi.

Ndinapsa mtima. "Iwe, ukuyankha ine kapena nyerere?"

"Achemwali, si ndayankha bwino?"

"Anthu aja akufuna namwino, osati mkwatibwi. Ukakawerama choncho akati ndiwe wamantha. Dzutsa nkhope!"

Anayesa, koma maso ankathawa okha. Sindinadabwe. Tonse tinakula tikuuzidwa kuti mwana woyang'ana akulu m'maso ndi wamwano, ndipo ine ndemwe, ndi uphunzitsi wangawu, ndinali ndisanayerekezepo kwa ababa.

Iwo anali patsinde pa mtengo wa mango, akusoka ukonde. Ndinawaloza ndi mlomo. "Ine wandizolowera. Kayese pa awo."

"Mukufuna andimenye?"

"Kaya. Zikakukanika apa, pita ukayezetse diresi la ukwati."

Nditangotero ndinachita mantha ndi pakamwa panga pomwe. Koma mwana anadzuka, n'kukonza mpango wake, n'kukagwada pamaso pawo monga mwa masiku onse. Kenako anadzutsa mutu. Ababa anaimitsa singano.

"Ukundiyang'ana chiyani iwe?"

Mng'ono wanga sanawerame. Ine ndinali nditagwira nsanamira, wokonzeka kuthamanga kukalowa pakati.

"Chingerezi cha mkulu wakochi ndiye chakuphunzitsa mwano?"

"Ayi, ababa," anatero, maso ali pomwepo. "Ndikufuna sukulu. Munthu wa ku Chiponde uja sindikumufuna."

Ndinkadikira kuti amumenya khofi. Ababa anamuyang'anitsitsa kwa nthawi, ndipo ndinaona chimene ndinali ndisanachionepo chibadwire: iwo ndi amene anayamba kugwetsa maso. Analowetsa singano pa diso lolakwika la ukonde, n'kuitulutsanso.

"Galimoto ya kutauni imanyamuka swala ya m'mawa ikangotha ku mzikiti," anatero osadzutsa mutu. "Usachedwe. Akakakufunsa kumeneko, ukawayang'ane mmene wandiyang'aniramu."

Mng'ono wanga anali akadagwadabe, misozi ili mbwembwembwe.

"Dzuka," anatero ababa. "Wa ku Chiponde uja ndikalankhula naye ndekha."